Khoma Likamatuluka Thukuta

Munthu wofuna nyumba ya lendi m'tauni muno amafunsa mafunso anayi basi. Ndalama zingati pamwezi? Madzi mumatunga kuti? Magetsi alipo? Nanga chimbudzichi timalowamo mabanja angati? Akayankhidwa zimenezi amasuzumira kuchipinda, n'kugwedeza chitseko kuti aone ngati n'cholimba, kenaka n'kupereka ya miyezi itatu. Ndipo ambiri timasaka nyumba m'chilimwe, mu Seputembala kapena mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene khoma lililonse limakhala louma gwa, alandilodi atangolipaka kumene laimu. Funso lachisanu, loti kodi khomali limatani mvula ikagwa sabata yathunthu, palibe amene amalifunsa. Ine lero ndikulemba za funso lachisanulo, chifukwa yankho lake ndidalimvera m'chifuwa mwanga, ndipo achimwene anga adalimvera m'mapapo mwao.

Tidalowa m'nyumbamo mu Okutobala 2021. Inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, kumunsi kwa phiri la Ndirande, chapafupi ndi mtsinje wa Nasolo. Wodziwa Ndirande akudziwa m'mene nyumba zambiri zimamangidwira kumeneko: amasema chitunda, n'kuika nyumba posemapo, kotero kuti khoma lakumbuyo limatsamira dothi mpaka m'chiuno. Chipinda chakumbuyocho ndicho tinkagonamo awiri, ine ndi achimwene. Chakutsogolo, chomwe chinali chowalako, tidaikamo makina awo osokera ndi nsalu za anthu, poti iwo ndi telala. Adaadwalapo chifuwa chachikulu cha TB, adamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, ndipo m'chaka cha 2019 adauzidwa kuti achira. Ineyo ndili mwana ndinkadwala mphumu, koma idandisiya ndili Sitandade 6, mwakuti ndidaiiwala monga m'mene munthu amaiwalira dzina la mphunzitsi wake wa Sitandade 1.

Ntchito yanga mukuidziwa. Ndimalemba nkhani n'kumagulitsa kunyuzipepala, nthawi zina amalipira, nthawi zina amangoti "tikuimbirani." Ndalama yodalirika imachokera kolakatula: pazinkhoswe, pamaukwati, pamisonkhano ya mabungwe. Kalipentala amadya ndi manja ake, wakabaza amadya ndi miyendo, mlakatuli amadya ndi mpweya. Mfundo imeneyi muisunge.

Namondwe wa Ana adafika chakumapeto kwa Januwale 2022. Nyumba zina zidagwa, yathu idaima, ndipo tidathokoza Mulungu. Koma patapita masiku ochepa khoma lakumbuyo lidayamba kusintha maonekedwe. Poyamba lidangoderako chakumunsi, kufika m'maondo. Ukaligwira linkazizira ngati mtsuko, dzanja n'kubwerako lonyowa. Kenaka padatuluka timadontho takuda, tina tobiriwira, tinkafalikira usiku ngati zipere. M'chipinda mudayamba kumveka fungo la thumba la chimanga chonyowa. Nsapato zanga zachikopa zidamera ubweya woyera. Jekete lomwe ndimavala polakatula lidachita mawangamawanga. Makope anga a ndakatulo za zaka khumi adamatirirana masamba, inki n'kuyenderera. Ngakhale pepala la dipuloma yanga, lomwe ndimalisunga mu envelopu pansi pa sutikesi, lidatuluka timadontho ngati mwana wodwala chikuku. Akuluakulu adati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha ndithu.

Chinthuchi kwathu kuno chili ndi maina angapo. Chikagwira chimanga kapena mtedza timati chuku. Ena amati nkhungu, dzina lomwe timatchulanso utsi wa m'mawa uja umakuta phiri. Chikaoneka pakhoma ambiri timangoti ndere, ngakhale ndere zenizeni ndi zija za pamiyala ya kumtsinje, zomwe zimafuna kuwala kuti zikule. Chuku sichifuna dzuwa. Ndi mbale wake wa bowa, ndipo chimadya pepala, thabwa, nsalu, chikopa, ngakhale fumbi lomwe lakhala pakhoma. Chimaberekana pomwaza timbewu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe timayandama mumpweya. Timbewuti tili paliponse, panja ndi m'nyumba momwe, ndipo tonsefe timatipuma tsiku ndi tsiku popanda vuto. Chomwe timadikira ndi chinyontho. Chinthu chikakhala chonyowa tsiku limodzi kapena awiri, timamera, ndipo tikamera chipinda chimasanduka munda wake. Wogona m'menemo amapuma zokolola za mundawo usiku wonse, zitseko ndi mawindo zili chitsekere.

Mmisiri wina womanga nyumba adandifotokozera kuti madzi amalowa m'khoma m'njira zitatu. Yoyamba ndi yochokera pansi. Pomanga bwino, pamwamba pa maziko amayalapo pepala lakuda la pulasitiki lomwe amisiri amati DPC, kuti litchinge madzi a m'nthaka. Koma poti pepalalo silioneka nyumba ikatha, omanga nyumba za lendi ambiri amalidumpha. Ndiye njerwa imakoka madzi monga m'mene chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Yachiwiri ndi yochokera kunja: malata obooka, denga lalifupi losatchinga khoma, kapena dothi lotsamira khoma popanda ngalande, ngati m'mene zidalili kwathu. Yachitatu ndi ya m'nyumba momwemo: mpweya womwe timapuma, nthunzi ya m'mapoto, zovala zoyanikidwa pachingwe m'chipinda. Nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, mabanja ambiri m'Blantyre amatseka mawindo, n'kutsekera nsanza m'timabowo ta mpweya, n'kulowetsa mbaula. M'mawa malata amadontha ngakhale kunja sikudagwe mvula. Choncho nyumba yomwe yanyowa ndi dzinja sipeza mpata wouma mpaka mu Ogasiti.

Chifuwa chidandiyamba mu Febuluwale. Poyamba chinali ngati chimfine wamba: mphuno kutsekeka, maso kuyabwa, kuyetsemula m'mawa uliwonse. Kenaka usiku, cha m'ma 2 koloko, ndinkadzidzimuka ngati pachifuwa pandikhala munthu, mpweya ukulira m'kati ngati kamwana ka mphaka. Ndinkakhala tsonga pabedi, manja ali pamaondo, kudikira kuti m'chifuwa mutseguke, mpaka atambala. Kuchipatala chaching'ono ndidapitako kasanu m'miyezi isanu ndi umodzi. Kabuku kanga ka kuchipatala kadadzaza ndi mawu omwewomwewo: amokisilini, panado, piritoni. Adandiyeza makhololo, TB sadaipeze. Adandiyeza magazi, kachilombo sadakapeze. Sindikuwanena achipatala ayi. Mzere umakhala wautali mpaka pageti, ndipo munthu wotsokomola m'dziko lino amayamba waganiziridwa matenda omwe amapha ambiri.

Koma m'makwalala mayeso a kuchipatala sagwira ntchito. Munthu wa zaka za m'ma 30 akamatsokomola miyezi, thupi likutsika, anthu amakhala atamaliza kale kumuyeza ndi maso. Ndinkamva ndikamadutsa pampopi: "Mwawaona alakatuli aja m'mene atheramo?" Azakhali atabwera kudzatizonda adanunkhiza m'chipindamo, n'kugwedeza mutu. "Ana anga inu, nyumba iyi ili ndi mwini wake. Pitani mukaombeze." Tidaseka, koma kunena zoona azakhaliwo ndiwo adali oyamba kuloza chala nyumba m'malo moloza ife.

Mu Julayi chaka chomwecho adandiitana kukalakatula paukwati wina ku Chilomoni. Holo idadzaza. Ndime yoyamba idayenda bwino, amayi akuimba nthungululu. Pakati pa ndime yachitatu mpweya udandithera. Mawu ndinkawadziwa, anali pamilomo, koma chowakankha padalibe. Ndidaima pamenepo nditagwira maikolofoni, kukamwa kuli yasa. Woyendetsa mwambo, munthu wanzeru zake, adakodola woimba nyimbo kuti aike kanyimbo, anthu n'kuyamba kufupa ngati zidakonzedwa choncho. Ndalama adandipatsa yonse, koma mbiri imathamanga. Miyezi yotsatira foni yanga idakhala chete.

Chomwe chidatsegula nkhani ndi ulendo wa kumudzi. Mu Ogasiti ndidapita kwathu ku Ntcheu kukamanga chiliza cha agogo, ndipo ndidakhalako sabata zitatu. Ndinkagona m'kanyumba kaudzu, kozira bwino, kouma. Pofika tsiku lachisanu ndinkagona mpaka kucha, ndipo ndinkatsikira kudimba n'kubwerako nditasenza mtolo wa nzimbe. Nditabwerera ku Ndirande, usiku wachiwiri kamphaka kaja kadayambanso kulira. Nditapitanso kuchipatala ndidakumana ndi dokotala wina wachitsikana, ndipo ndidamufotokozera za ulendowo. Adaika cholembera pansi. "Bambo, mumagona potani? Khoma la kuchipinda kwanu n'lotani?" Pa maulendo onse aja, aka kadali koyamba munthu wovala choyera kundifunsa za nyumba. Adandiuza kuti mphumu ya ubwana simachoka, imangogona, ndipo chinyontho ndi chuku zimaidzutsa. Adandilembera timipope tiwiri topumira tija amati inhela: kabuluu ka salbutamol kotsegula m'chifuwa pamene pathina, ndi kofiirira ka beclometasone kopuma tsiku ndi tsiku kuti njira za mpweya zisamatupe. Potsanzikana adati, "Izi zikuthandizani, koma ndakupatsani chokapira madzi m'bwato lobooka. Bowolo ndi chipinda chanucho."

Mtolankhani samangomva, amakafufuza. Ndidapeza kuti zomwe adanena mtsikanayo n'zodziwika kale kwa akatswiri. M'chaka cha 2004 bungwe la Institute of Medicine la ku America lidaunika kafukufuku wambiri ndipo lidapeza umboni wokwanira woti kukhala m'nyumba yachinyontho kumayendera limodzi ndi kutsokomola, kulira kwa m'chifuwa, mavuto a m'mphuno ndi pakhosi, komanso kukula kwa mphumu mwa amene ali nayo kale. M'chaka cha 2009 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo apadera okhudza chinyontho ndi chuku m'nyumba, ndipo mfundo yake yaikulu njosavuta: njira yotetezera anthu ndi kuthetsa chinyonthocho. Thupi la munthu wina limatenga timbewu tija ngati mdani, ndiye limalimbana nato usiku ndi usiku, njira za mpweya n'kumatupa, n'kumadzaza mamina. N'chifukwa chake amokisilini sankaphula kanthu. Iye amapha mabakiteriya, pamene pano panalibe bakiteriya woti aphedwe.

Ndichenjezeko pang'ono, poti ofufuza pa intaneti achuluka. Mukalemba za chuku mupeza amalonda, makamaka a ku America, omwe amati chuku ndicho chimayambitsa pafupifupi nthenda iliyonse, kuyambira kuiwalaiwala mpaka kunenepa, ndipo amagulitsa mayeso a mkodzo ndi mankhwala otsuka m'thupi pamtengo woboola m'thumba. Bungwe la CDC la konko lidachenjeza m'chaka cha 2015 kuti mayeso a mkodzo oterowo ngosatsimikizika pofuna kudziwa chomwe munthu akudwala. Wodwala nthawi yaitali amagwira chilichonse chomwe wapatsidwa, ndipo amalonda amadziwa zimenezo. Pomwe umboni uli wolimba ndi pa mphuno, pakhosi ndi m'mapapo. Kwa ife zimenezo n'zokwanira kale kutidetsa nkhawa.

Za achimwene ndiye zidali zazikulu kuposa zanga. Chakumapeto kwa 2022 adayamba kutopa msanga, kutuluka thukuta usiku, thalauza kumakhwefuka. Tsiku lina akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu adatsokomola, pansalu yoyera padagwa magazi. Adayezedwa makhololo pamakina a GeneXpert kawiri, TB osapezeka. Koma poti zizindikiro zonse zinkaloza komweko, adawayambitsanso mankhwala a TB. Adamwa mokhulupirika, mkodzo ukufiira monga zimakhalira, koma thupi linkangotsikabe. Patapita miyezi ndi pamene adatumizidwa kwa dokotala wa mapapo kuchipatala chachikulu. Atawajambula, adationetsa chithunzi: kumtunda kwa phapo lakumanja kudali mphako, ndipo m'mphakomo mudali kanthu kozungulira ngati nsawawa yaikulu.

Dokotalayo adatifotokozera modekha. TB ikachira imasiya zipsera, ndipo mwa anthu ena imasiya mphako m'mapapo. Muli mtundu wina wa chuku wotchedwa Aspergillus, womwe timbewu take tikalowa m'mphako yotere timapezamo kutentha ndi chinyontho, n'kumera, n'kumadya phapo pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka. Nthendayi amaitcha chronic pulmonary aspergillosis, ndipo imavala zovala za TB: kutsokomola, magazi, kuonda, kutopa. Mankhwala a TB saikhudza n'komwe. Kafukufuku wa ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, yemwe adasindikizidwa m'chaka cha 2019, adapeza nthendayi mwa anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse omwe adachira TB, ndipo ambiri mwa iwo adali omwe adatsala ndi mphako. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidatulutsa mndandanda woyamba wa tizilombo 19 ta m'gulu la bowa toopsa kwa anthu, ndipo Aspergillus fumigatus adamuika m'gulu lapamwamba zedi. Taganizani kuchuluka kwa anthu omwe adamwapo mankhwala a TB m'dziko lino chiyambire zaka za m'ma 1990. Ena mwa iwo akutsokomolabe mpaka lero, ndipo akamwalira timangoti TB ija idabwereranso.

Ndidafunsa dokotalayo ngati khoma lathu ndilo lidawadwalitsa. Adati Aspergillus amapezeka m'dothi, m'zinyalala zoola, m'nkhokwe, ngakhale mumpweya wa panja, kotero munthu angathe kumutenga kulikonse. "Koma munthu wa mphako m'phapo sayenera kugona m'chipinda chomwe chikulima chuku. Muwachotsemo." Mankhwala ake ndi itraconazole, womwa kosachepera miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sayenderana ndi rifampicin wa TB uja, yemwe amawafooketsa m'thupi. Nthawi zambiri tinkagula tokha kufamase. Makina osokera a achimwene, omwe adagula ndi ndalama za ku Joni, adapita pamenepo.

Nanga alandilodi? Ndidawapeza pakhonde pao madzulo ena. Ndi bambo wachikulire, wopuma pantchito, wolemekezeka kutchalitchi, osati munthu woipa mtima ayi. Ndidati, "Bambo, khoma lija likutidwalitsa. Mwina mukadakumbitsa ngalande kumbuyoku, dothi lija lichoke pakhoma." Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Aphiri, nyumba imene ija anthu akhalamo zaka 15, palibe anadandaulapo. Vuto lanu simutsegula mawindo. Komanso mabuku mwachulutsa." Sabata yotsatira adatumiza mnyamata ndi ndowa ya laimu. Khoma lidayera mbee, ndipo patatha sabata zitatu madontho adatulukiranso pamwamba pa laimuyo. Nditabwereranso adandiyankha mwachidule: "Ngati yakukanikani nenani, anthu ofuna nyumba ali pamzere." Ndipo sankanama. Nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndiye ngakhale khasu lokumbira ngalande umayamba wapempha.

Mawu a alandilodi aja ndidakawapezanso kutali, m'dziko lolemera. Ku Rochdale, ku England, mwana wina dzina lake Awaab Ishak adamwalira mu Disembala 2020, patangopita masiku ochepa atakwanitsa zaka ziwiri. Makolo ake adachokera ku Sudan. Bambo ake adayamba kudandaula za chuku m'nyumba yao ya lendi m'chaka cha 2017, ndipo adauzidwa kuti angopakapo penti. Eni nyumba ankaloza chala kakhalidwe ka banjalo. Mu Novembala 2022 wofufuza za imfa, mayi Joanne Kearsley, adagamula kuti mwanayo adafa ndi vuto la kupuma lomwe lidadza chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya chuku. Dziko lidagwedezeka, ndipo m'chaka cha 2023 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lomwe anthu amalitchula dzina la mwanayo. Kuyambira pa 27 Okutobala 2025, eni nyumba za boma ndi za mabungwe ku England akauzidwa za chuku choopsa amayenera kufufuza pasanathe masiku 10 a ntchito, ndipo zikakhala zadzidzidzi achitepo kanthu pasanathe maola 24. Kumeneko kudatengera imfa ya mwana ndi khoti kuti anthu amve. Kuno mwana wotero timamuika m'manda n'kunena kuti chinali chibayo.

Ndipotu nkhaniyi si yachilendo kwa anthu owerenga Baibulo ngati alandilodi anga. M'buku la Levitiko, mutu 14, muli malamulo a nyumba yomwe yatuluka mawanga obiriwira kapena ofiira pakhoma. Mwini nyumba amakauza wansembe. Katundu amatulutsidwa, nyumba imatsekedwa masiku asanu ndi awiri. Mawanga akafalikira, miyala yogwidwayo imachotsedwa, khoma limapalidwa, n'kumatidwa mwatsopano. Akabwereranso, nyumba yonse imagwetsedwa. Anthu akalewo sankadziwa za timbewu touluka, koma adadziwa kuti nyumba imadwala, ndipo adaika munthu woiyendera. Kwathu kuno lamulo la Public Health Act la m'chaka cha 1948 lidapatsa makhonsolo mphamvu zoyendera nyumba zoika moyo wa anthu pachiswe. Ine pa zaka zonse zomwe ndakhala pa lendi, woyendera nyumba sadagogodepo pachitseko changa.

Chodabwitsa n'choti chuku cha m'zakudya timachiopa ndithu. Alangizi a zaulimi amatiphunzitsa kuumitsa bwino chimanga ndi mtedza, chifukwa mbale wake wa Aspergillus uja, wotchedwa Aspergillus flavus, amatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa. Ku Kenya m'chaka cha 2004 anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga chotero. Mtedza wathu nawo umavutika kulowa m'misika ya ku Ulaya pachifukwa chomwechi. Chuku cha mtedza chili ndi misonkhano ndi mauthenga a pawailesi poti chimakhudza ndalama zakunja. Cha pakhoma chimakhudza mapapo a anthu a lendi, ndiye chilibe mwini.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope adatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. M'dziko muno mudafa anthu oposa 1,000, ndipo oposa 500,000 adasowa pokhala. Amenewo adawerengedwa, ndipo tidawalira. Koma padalinso ena ochuluka omwe nyumba zao zidaima, monga yathu, omwe adakolopa matope, n'kuyanika matiresi padzuwa tsiku limodzi, n'kugonanso momwemo, makoma atamwa madzi mpaka pawindo. Amenewo sadalowe m'kaundula aliyense. Ife tidasamuka mu Meyi chaka chomwecho, kupita ku kanyumba kakang'ono pamtunda ku Machinjiri, kokwera mtengo, kutali ndi makasitomala a achimwene. Matiresi onse awiri tidawasiya kudzala.

Tsono inu amene mukusaka nyumba, onjezani funso lachisanu lija. Lowani kuchipinda, tsekani chitseko, imani kaye n'kununkhiza. Gwirani khoma chakumunsi, makamaka m'makona. Laimu watsopano pakhoma limodzi lokha akuuzeni kanthu. Zungulirani kumbuyo muone ngati dothi latsamira khoma ndiponso komwe madzi a padenga amagwera. Funsani oyandikana nawo, osati alandilodi, kuti amene adatulukamo adachokeranji. Inu amene muli kale m'nyumba yotere ndipo kosamukira kulibe, sunthani bedi ndi sutikesi zitalikirane ndi khoma kuti mphepo izidutsa. Timabowo ta mpweya tisatsekedwe, mawindo azitsegulidwa m'mawa uliwonse ngakhale kuzizire, zovala ziziuma panja kapena pakhonde. Mbaula isagone m'nyumba, poti iyo payokha imapha ndi mpweya wake wosanunkha. Chuku chapakhoma chimachoka ndi madzi a sopo ndi bulashi, kapena Jik wosungunula m'madzi, wosasakaniza ndi mankhwala ena alionse, mawindo ali otsegula, pamphuno mutamanga kansalu. Wotsukayo asakhale wa mphumu kapena wodwala mapapo, ndipo ana atuluke. Koma dziwani kuti madzi akapanda kutsekedwa komwe akulowera, chibweranso. Ndipo inu amene mudamaliza mankhwala a TB koma mukutsokomolabe magazi, makhololo akuonetsa kuti TB palibe, funsani adokotala ngati mapapo anu angaunikidwe za Aspergillus. Dzinalo lilembeni pakapepala.

Kwa achipatala pempho langa n'laling'ono, silifuna ndalama za mabungwe. Munthu akabwera kachitatu ndi chifuwa chomwechomwecho, mufunseni komwe amagona. Kwa eni nyumba, mpukutu wa pepala lakuda lija ndi ngalande ya kumbuyo sizifika pa lendi ya miyezi iwiri, pamene phapo la munthu silikhala ndi sipeya.

Lero achimwene akupezako bwino. Magazi adasiya, thupi labwererako, ndipo amasoka pamakina obwereka pakhonde la sitolo ina. Akakwera chitunda amaima kawiri, ndipo adokotala adatiuza kuti nthendayi imatha kuyambiranso, choncho sikelo ya kuchipatala saiphonya. Ine ndidayambiranso kulakatula. Kampope kabuluu kamakhala m'thumba la jekete, ndipo anzanga akuti mizere ya ndakatulo zanga idafupika. Akunena zoona. Ndimalemba molingana ndi mpweya womwe ndili nawo.

Mwezi wathawu ndidadutsa ku Ndirande ndipo ndidapatukira panyumba ija. Mudalowa banja lachinyamata, mayi ali ndi khanda kumbuyo. Nditawalonjera ndidawafotokozera zonse, za khoma, za chifuwa changa, za achimwene. Mayiyo adamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena motsitsa mawu, "Zikomo achimwene, fungolo talimva kale. Nanga tipite kuti? Ya miyezi itatu tinapereka." Mwamuna wake adatuluka, ndipo tidazungulira kumbuyo. Ndidamuonetsa pomwe madzi amaima ndi komwe ngalande ingatulukire kuti ikathire kumsewu. Adati Loweruka akabwereka khasu ndi fosholo, alandilodi afune asafune, ndipo bedi la mwana alisamutsira kuchipinda chakutsogolo usiku womwewo.